Njanji ya ku Nayuchi ndi theka la thumba

Walira mvula walira matope. Achinyamata olemba mapulogalamu a pa kompyuta amakonda zatsopano, ndipo sindikuwadzudzula ayi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti matope ake amaponda ndi ena.

Taonani njanji yathuyi. Inatsegulidwa mu 1970, kuchokera ku Nkaya, kudzera ku Liwonde, kufika kuno ku Nayuchi n'kulowera ku Entre Lagos. A kampani ya Vale atayamba ntchito yotumiza malasha a ku Moatize ku doko la Nacala, anaikonzanso kuti ipirire katundu wolemera. Koma mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri zija, mamilimita 1,067, sanaukhudze. N'chifukwa chake sitima ya anthu ikuyendabe momwemo.

Eni ake a chinenero cha makompyuta cha Python anadzera kwina. Mu Disembala 2008, Guido van Rossum ndi anzake anatulutsa Python 3 akudziwa bwino kuti mapulogalamu ambiri akale sagwiranso ntchito asanakonzedwe. Zifukwa anali nazo. Mwa zina, chinenero chakale cha Python 2 chinkavutitsa pa zilembo zosapezeka m'Chingerezi, monga ŵ wathu uja. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, zoona, koma kalumo kakuthwa kamachekanso khutu.

Kusintha kwina kunali kwa mokweza. Ukalemba lamulo la print mwachikale, pulogalamu imakaniratu kuyamba, iwe n'kudziwa pokonza. Kumeneko ndilibe nako mlandu. Chimene chimandiopsa ine ndi kusintha kwa kachetechete. Mu Python 2, ukagawa 5 ndi 2 yankho linali 2. Mu Python 3 ndi 2.5. Pulogalamu siidandaula, imangoyenda bwinobwino. Ndiye tiyerekeze kuti inalembedwa kuti igawe matumba a feteleza pa gulu la alimi: dzulo munthu matumba 2, lero pa pepala patuluka theka la thumba loti wina akang'ambe.

Mapanga awiri avumbwitsa. Kwa zaka zoposa khumi anthu ankasamalira zinenero ziwiri nthawi imodzi, mwendo uno kwakale, mwendo uno kwatsopano. Python 2 amati aisiya mu 2015, koma ataona kuchuluka kwa otsalira anasunthira tsikulo ku 1 Januwale 2020.

Mlandu tiziweruza mbali zonse. Za kagawidwe kaja eni ake a Python anachenjeza kale mu 2001, ndipo anapereka njira yoti wofuna ayeseretu kagawidwe katsopano m'chinenero chakalecho. Komatu chenjezo limafika kwa amene ali pa bwalo. Kalaliki wa gulu la alimi kuno kufupi ndi nyanja ya Chiuta sawerenga zolengeza za Python. Mnyamata amene anamulembera pulogalamu anapita ku Joni kalekale, nambala yake siikupezekanso, ndipo alimi ali pa mzere panja kudikira matumba awo.