Sikelo ya Phindu: Kodi Imayeza Zonse?

Achinyamata anzanga, amene munayendapo pa msewu wochoka ku Kapiri Mposhi kulowa mu Ndola munadutsa pafupi ndi malo otchedwa Bwana Mkubwa. Dzinali ndi la Chiswahili, ndipo limatanthauza bwana wamkulu. Pamenepa pali umodzi mwa migodi yakale kwambiri ya ku Copperbelt. Anthu akumeneko ankakumba mkuwa pamalopa azungu asanafike, ndipo mu 1902 William Collier ndi mnzake anaikapo zikhomo zawo. Mgodiwu unatsekedwa mu 1931 mitengo ya mkuwa itagwa pa dziko lonse, unatsegulidwanso patapita zaka zambiri, n'kutsekedwanso mu 1984. Nthawi zonsezi chigamulo chinachokera m'mabuku a ndalama. Funso lathu lero ndi ili: kampani ikakhala ndi manambala abwino, kodi ndiye kuti ndi kampani yabwino?

Tiyambe tamvetsa manambalawo, pakuti si nzeru kudzudzula chinthu chimene sitikuchidziwa. Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato pa msika wa Chisokone ku Kitwe. Waika mpamba wa K100, ndipo atachotsa za transipoti ndi za malo, watsala ndi K20 pamwamba pa mpamba wake. K20 imeneyo ndiyo phindu, ndipo mpamba wake wabala 20 peresenti. Kampani ya mgodi imawerenganso chimodzimodzi, kungoti eni ake ndi ambiri. Umwini umagawidwa m'timagawo totchedwa masheya. Phindu la chaka likagawidwa ndi chiwerengero cha masheya, timapeza phindu la sheya iliyonse. Gawo la phindu limene eni masheya amalandira m'manja ndilo dividendi. Oona za ndalama amayang'ananso kukula kwa ngongole poyerekeza ndi mpamba, ndiponso ndalama zimene mgodi umawononga kuti utulutse paundi imodzi ya mkuwa. Mtengo wa mkuwa ku London Metal Exchange ukatsika kuposa ndalama zimenezi, mgodi umayamba kudya mpamba wake.

Pa sikelo imeneyi, Bwana Mkubwa inachita bwino zedi. Kampani ya ku Canada, First Quantum Minerals, inatenga malowa mu 1996, ndipo mu 1998 inayamba kuyenga mkuwa kuchokera ku mchenga umene akale anautaya ngati zinyalala. Pambuyo pake inkabweretsa miyala kuchokera ku mgodi wa Lonshi, kutsidya kwa malire ku Congo. Kampani imene inayamba yaing'ono pamalo amenewa inakula mpaka kutsegula mgodi waukulu wa Kansanshi ku Solwezi. Koma miyala ya ku Lonshi itasiya kuwoloka malire, ntchito ya pa Bwana Mkubwa inayamba kuima mu 2008, ndipo posakhalitsa fakitale yoyenga mkuwa inatsekedwa. Kwa mwini masheya wa ku Toronto, iyi inali nthambi imodzi imene yatha ntchito yake pamene zina zikubala. Kwa bambo amene ankalipira ana sukulu ndi malipiro a pamenepo, unali mtengo wonse umene wagwa. Nkhani ndi imodzi, koma sikelo ndi ziwiri.

Ena anganene kuti tingotaya manambalawo, tiziganizira anthu basi. Mbiri yathu ikutichenjeza. Kampani ya boma ya ZCCM, imene inakhazikitsidwa mu 1982, inkasamala zipatala, masukulu, nyumba ngakhalenso matimu a mpira. Makolo athu amakumbukira masiku amenewo ndi misozi. Komabe makina ankakalamba popanda ndalama zogulira ena, ngongole zinkakula, ndipo mkuwa wa dziko lino, umene unkapitirira matani 700,000 pa chaka cha m'ma 1970, unatsika kufika pafupifupi matani 250,000 mu 2000, chaka chimene migodi ikuluikulu inamaliza kugulitsidwa. Kampani yosapanga phindu singathe kusamala munthu kwa nthawi yaitali. Tisaiwalenso kuti mwini masheya si mlendo wolemera yekha ayi. Bungwe la mapenshoni la NAPSA lili ndi masheya mu ZCCM-IH, choncho dividendi ikabwera, wogwira ntchito wamba ali nalo gawo lake. Phindu si tchimo, ndipo kuwerengera bwino ndalama ndi mbali ina ya kukhulupirika.

Nanga vuto lili pati? Lili pa zimene buku la ndalama sililemba. Katswiri wa zachuma wa ku America, Milton Friedman, analemba mu 1970 kuti udindo wa kampani kwa anthu ndi kukulitsa phindu lake, malinga ikutsata malamulo. Maganizo amenewa analamulira makampani ambiri kwa zaka zochuluka. Koma taonani: pali njira ziwiri zokwezera phindu. Yoyamba ndi kugwira ntchito mwanzeru, monga kupeza mkuwa mu mchenga wotayidwa. Yachiwiri ndi kusenzetsa ena katundu amene unayenera kusenza wekha. Ukachedwetsa kukonza damu la zinyalala, ukachepetsa zovala zotetezera antchito, ukazemba msonkho, phindu limakwera ndithu. Pa pepala njira ziwirizi zimaoneka zofanana, pakuti nambala ilibe fungo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngongole yobisika yotereyi alipo amene amailipira. Mu February 2025, damu la zinyalala za asidi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Madzi oipa analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, minda inawonongeka, ndipo anthu a ku Kitwe anakhala opanda madzi a m'mipopi kwa masiku angapo. Nawonso alimi a m'midzi yozungulira Chingola anachita kukadandaula ku makhoti a ku Britain za madzi awo, ndipo mu 2019 khoti lalikulu kumeneko linawalola kuzenga mlandu kampani ya Vedanta. Mtsinje ulibe sheya, ndipo mwana wobadwa mawa sakhala nawo pa msonkhano wa eni kampani. Palinso china: mkuwa sumeranso ngati chimanga. Tani iliyonse yogulitsidwa imalembedwa ngati ndalama zolowa, koma kwa dziko ndi nkhokwe imene ikuphwa.

Choncho yankho n'lakuti manambala sanama, koma amayankha funso limodzi lokha: kodi mwini wapeza zingati? Funso la chilungamo ndi lina: kodi aliyense amene wathandiza kapena wavutika kuti phindulo lipezeke walandira zoyenera? Kampani yabwino ndi imene phindu lake lingatsalebe italipira zonse, malipiro oyenera, msonkho wathunthu, madzi oyera ndi kukwirira maenje ikamachoka.

Ena mwa inu mukuphunzira za maakaunti ku Copperbelt University, ena muli ndi kantemba, ena mudzakhala mamanijala kapena makhansala. Phunzirani manambala mpaka muwadziwe kuposa wofuna kukupusitsani nawo. Koma mukafika pa mzere womaliza wa phindu, musatseke buku msanga. Dzifunseni kuti, ndani walipira zimene sizinalembedwe umu?

Zokambirana m'magulu:
1. Pa kabizinesi kanu kapena ka makolo anu, ndi zinthu ziti zimene ena amakusenzerani osalipidwa?
2. Mutakhala manijala wa mgodi umene ukuluza, mungachite chiyani kuti musalakwire eni masheya ndiponso antchito?
3. Kodi wolandira dividendi ali ndi mlandu pa njira imene phindulo linapezekera?