Kodi Wophunzira Kutali Abwera Ali Wathu?

Abale anga, inu olima fodya m'cigwa ca Kasungu mudziwa kuti mbande ikakhalitsa pa nazale siikula bwino. Iyenera kuzulidwa ndi kuokedwa m'munda. Koma mudziwanso kuti wozula wanzeru asiya kadothi ku mizu, kuti mbandeyo ingafote panjira. Funso langa liri pa mwana wa munthu amene azulidwa kukaphunzira kutsidya la nyanja. Kodi atenge dothi lotani? Ndipo akabwera litagwa, mlandu uli ndi yani?

Tisafune citsanzo patali. Kamuzu Banda anabadwira kuno kwathu, naphunzira ku Mtunthama. Ca m'ma 1915 anauyamba wa pansi kunka ku Rhodesia, nagwira nchito m'cipatala ca ku Hartley, napitirira ku migodi ya ku Joni. M'caka ca 1925 anaoloka nyanja kunka ku Amerika. Anaphunzira ku Wilberforce, ku Indiana ndi ku Chicago, natsiriza zaudokotala ku Meharry, mu mzinda wa Nashville, m'1937. Kumeneko malamulo anali kulekanitsa akuda ndi oyera m'masukulu ndi m'masitima. Pambuyo pace anakalandira makalata ena ku Edinburgh m'1941.

Tsono imvani cimene cindizizwitsa. Ali ku Chicago anakomana ndi Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku Amerika wosanthula zinenero. Watkins ankafunsa, Kamuzu nayankha: mau awa muwachula bwanji, nanga cifukwa ninji muti munthu uyu koma mtengo uwu? Mwa mafunso amenewo munaturuka buku la malamulo a Cicewa m'1937. Pamudzi palibe afunsa mnzace zotere, pakuti cinenero tingocipuma ngati mpweya. Panafunika mlendo wosadziwa kanthu kuti mwana wa Kasungu ayang'anitse cuma ca amace. Momwemonso m'1946 iye ndi m'busa Cullen Young anaturutsa m'Cingelezi nkhani zitatu za miyambo yathu zolembedwa ndi anthu a kuno.

Wina adzati, pamenepo nkhani yatha, ulendo uphunzitsa munthu za kwao. Dikirani. Pa 6 July 1958 munthu yemweyo anatsika ndege pa Cileka, zitapita zaka zoposa 40, ndipo polankhula kwa makamu analankhula Cingelezi, wina namasulira. Malamulo a cinenero anawadziwa, koma lilime linali litauma. Kudziwa za kwanu m'buku ndi kwina, kukhala pa mphasa ndi kumva nthabwala ya agogo n'kuseka pa nthawi yace ndi kwinanso.

Kodi timuweruze? Ine ndizengereza. Munthu wokhala zaka zambiri wopanda womuyankha m'cinenero cace sataya mau mwadala. Angogwa amodziamodzi monga dothi ku mizu. Ndiponso mlendo wokana kuphunzira makhalidwe a eni dziko, wodya yekha ndi kunyoza zonse aziona, abwera wopanda kanthu, ndipo ndalama zomtumizira zinangopita m'madzi. Kumvetsa anthu ena kufuna kuti ulole zao zikulowe, ndipo zikalowa zisuntha zina zimene zinalimo. Mtengo wace ndi umenewo, ndipo amene tituma ana athu ku Johannesburg kapena ku London tisayese kuti sadzaulipira.

Pamene ndiona mlandu ndi pobwera. Wobwerayo angathe kukhalanso pansi ngati mwana, kufunsa akuru, kulola kuti amseke polakwitsa mau. Kapena angathe kuimirira ndi kuuza otsala cimene mwambo wao uli, ngati kuti iwo amene anausunga ndi makasu m'manja saudziwa. Kamuzu atalamulira anakweza Cicewa kukhala cinenero ca dziko m'1968, osafunsa Atumbuka ndi Ayao ngati akondwa. (Za kuuma kwa ulamuliro wace ambiri ali nazo zipsera, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.) Ndipo m'1981 anatsegula sukulu yaikuru ku Mtunthama komwe kuja anayambira, naikamo Cilatini ndi Cigriki, naitana aphunzitsi Acizungu. Ine ndiyesa kuti mitima iwiri inali kukokana mwa iye kufikira ukalamba, wina wa ku Kasungu, wina wa ku Edinburgh.

Anamwalira m'1997 m'cipatala ca ku Johannesburg, dera lomwe anagwirako nchito ya ku mgodi ali mnyamata, ndipo anamuika ku Lilongwe.