Pakhomo panu mulipo angati?

Mnyamata wogulitsa masefa a madzi uja anandifunsa funso limodzi asanandionetse katundu: "Bwana, pakhomo panu mulipo angati?" Ndinayankha osaganiza n'komwe kuti anayi. Ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri. Ndiye anandilozera sefa ya ndowa ziwiri zosanjikiza, ya kandulo yadongo m'kati, n'kunena kuti imeneyo itikwana.

Ndili m'minibasi pobwerera, katoni ili pamiyendo, m'pamene ndinawerenga bwinobwino. Pakhomo pathu pamamwa madzi anthu 7. Pali madala amene amatilondera usiku. Pali mayi amene amadzachapa Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo sabwera okha, amabereka kamwana ka chaka chimodzi ndi theka. Sindinaname dala ayi. Kungoti nditamva mawu oti "pakhomo", mutu wanga unawerenga okhawo amene akadwala ndimathamanga nawo kuchipatala ndine.

Nyumba imene timachita lendi kuno ku Lilongwe ili ndi mpope, koma nthawi zina umauma masiku awiri kapena atatu. Ukauma timatunga pachitsime cha kuseri. Kuseri kwa mpanda, mapazi owerengeka kuchokera pachitsimepo, kuli chimbudzi chokumba cha aneba. Ndinkachiona tsiku ndi tsiku osalabadira mpaka kolera uja, amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Pamene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, ndinayamba kuchiyang'ana chitsime chija ndi diso lina.

Ndinafufuza ndithu ndisanagule, za ulesi musandinene. Kuwiritsa kumapha tizilombo, madzi akangobwadamuka kwa mphindi imodzi basi, koma makala a masiku ano mukuwadziwa. Makina a reverse osmosis amachotsa ngakhale mchere ndi fluoride, zimene kuwiritsa sikuchotsa, ndipo kwa munthu wa mjigo wamchere ngati ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi phindu. Koma amafuna madzi obwera ndi mphamvu m'paipi, komanso amataya madzi ambiri posefa. Pampope wathu wouma uja akanangokhala chokongoletsa khitchini. Panatsala ziwiri: klorini ndi sefa yadongo. WaterGuard ndi wotchipa, kachivindikiro kamodzi m'malita 20, kudikira mphindi 30, mwamaliza. Vuto lake ndi fungo. Sefa yadongo ilibe fungo, imagwira dothi ndi mabakiteriya, ngakhale mavairasi ena amatha kudutsa. Vuto lake imadontha ngati misozi ya nkhalamba, ndowa yam'munsi imatenga maola kuti idzaze.

Ndinasankha sefa chifukwa cha lilime langa. Zinazo ndinaziwonjezera pambuyo pake pofuna kuoneka wanzeru.

Sabata yachitatu mpope unauma. Madzi osefa anali ochepa, ndipo popanda wouza mnzake, pakhomo panabadwa lamulo. Akampope kasefa ndi a m'nyumba. A m'chigubu cha pakhonde, ochokera pachitsime, ndi a ena onse. Tsiku lina masana ndinaona mayi ochapa aja akutunga m'chigubumo ndi kapu yathu yapulasitiki n'kumwetsa mwana. Ine ndili pawindo, foni m'manja. Sindinanene kanthu. Mwanayo sanadwale, musayembekeze nkhani ya maliro apa. Koma kuti sanadwale si ine ndinachititsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukangana ndekha. Mbali ina ya mtima wanga ili ndi mfundo, ndipo si zopusa. Imati iwe si boma, sungasefere madzi mzinda wonse. Imati mayiwa kwawo amamwa oipa kuposa awa, ndiye kapu imodzi ya pakhomo pako isintha chiyani? Imatinso mimba zawo zinazolowera. Yomalizayi ndimaimva kwambiri kwa ife ophunzira, ndipo ndi imene ndimadana nayo koposa. Wamkulu mwina angazolowere zina, koma kamwana ka chaka chimodzi ndi theka kazolowera liti? Matenda otsegula m'mimba amapha kwambiri ana osakwana zaka zisanu. Amene timati anazolowera ndi amene anapulumuka, enawo sitiwaona chifukwa kulibe.

Mnzanga wina nditamufotokozera anati yankho n'losavuta: kolera sadziwa mpanda, ndiye wantchito akadwala matenda alowa m'nyumba mwako, uwateteze kuti udziteteze. N'zoona, koma sizinandikhutitse. Kuganiza choncho ndi kuwerenganso anayi aja, kungoti mwaukathyali. Zikanakhala kuti matenda awo sangafike kwa ana anga, ndiye kuti zinali bwino amwe za pachitsime?

Mfundo yoti sindingathandize aliyense ndaivomera. Pali ana ambirimbiri m'dera lathu amene amamwa madzi a pachitsime ndipo ine ndimagona tulo. Kaya ndiyenera kugona kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Koma kulephera kufikira munthu amene ali kutali n'kosiyana ndi kumupatsa munthu kapu ndi dzanja lako. Chigubu chija ndinachiika pakhonde ndine. Za chimbudzi cha kuseri ndimadziwa ndine, mayi aja sanayambe asuzumirako. Ankamwa pokhulupirira kuti madzi a pakhomo pa anthu ophunzira, a sefa yowala m'khitchini, sangakhale oipa. Chikhulupiriro chimenecho ndinachilandira, ndipo ndinali ndisanachigwirire ntchito.

Kwathu kumudzi agogo ankati madzi sam'mana munthu, ngakhale amene munayambana naye dzulo. Koma nthawi imeneyo mtsuko unali umodzi. Mfumu ndi wodutsa m'njira ankamwera chikho chimodzi, ndipo madziwo akakhala oipa ankadwala onse. Sindikunena kuti zinali bwino, ana ambiri anapita nazo. Ndikungoti agogo sanakumanepo ndi yesero limene sefa imabweretsa, loti ungathe kum'patsa munthu madzi, iye n'kuthokoza, pamene wam'mana.

Tinagula ndowa yaikulu ya chivindikiro ndi kampope, kuti pasakhale woviika kapu kapena dzanja m'kati, poti madzi abwino amaipiranso m'nyumba momwemo. Madzi onse akumwa, a pampope ndi a pachitsime omwe, amayamba alowa mmenemo ndi WaterGuard. Akakhala amatope timayamba tawasefa pansalu n'kuthira tizivindikiro tiwiri. Ndowayo imakhala pakhonde, ndipo chigubu chakale chinapita kubafa. Sefa ija sindinataye. Ena mwa madzi a m'ndowa timawadutsitsamo ndithu, akaima usiku wonse fungo limachepa, ndipo ndi amene ine ndimamwa. Choncho magulu awiri akadalipo pakhomo pano, asiyana pa kakomedwe kokha. Masiku ena ndimati zimenezo zilibe kanthu, masiku ena ayi.

Madala olondera aja sanasangalale n'komwe. Usiku woyamba analawa, n'kulavula pang'ono, amvekere: "Achimwene, madzi anuwa akununkha chipatala." Ndinawafotokozera za chimbudzi, za mphindi 30, zonse. Anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu. Dzulo cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinamva chingwe chikukhula pakamwa pa chitsime. Ndinadzuka n'kukhala pabedi, ndikuganiza ngati ndituluke kapena ndiwasiye, poti ndi munthu wamkulu woposa bambo anga ndipo zonse ndinawauza kale.