Usanagwire Sipanala pa Alternator, Mwana Wanga

Mwana wanga, ndamva kuti galimoto yako yayamba kuvuta kulira m'mawa, ndipo anzako akukuuza kuti alternator yafa, uisinthe wekha pakhomo kuti ndalama ya makaniko itsale m'thumba. Sindikukuletsa ayi. Mwini galimoto ayenera kudziwa kugwira sipanala, makamaka kuno kwathu ku Dedza kumene midzi yambiri ili kutali ndi galaja. Ntchitoyi ungaithe, koma ili ndi ndondomeko yake, ndipo woilumpha amalipira kawiri. Khala pansi undimvere.

Yamba wadziwa ntchito ya chinthu chimene ukufuna kuchotsacho. Batire ndi nkhokwe, alternator ndi munda. Batire limangosunga moto wolizira injini. Injini ikalira, lamba amazunguza alternator, ndipo iyo ndi imene imapanga magetsi a nyali, mawaipa ndi wailesi, n'kumabwezeranso moto m'batire. Ikafa, galimoto imayendabe ndi moto wotsala, nyali zikufiira pang'onopang'ono, kenako injini n'kuzima yokha. Choncho kanyali kofiira kokhala ndi chithunzi cha batire kakayaka pa dashibodi uli paulendo, usanene kuti ndiona mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ukudziwa chifunga chimene chimagwa pamsewu wa M1 kuchokera ku Chimbiya mpaka ku Bembeke. Galimoto yozima nyali usiku pamenepo, mathiraki akudutsa, ndi maliro odziitanira.

Chachiwiri, usagule kanthu usanayeze. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chisanu cha June ndi July chimafoola batire lokalamba. Ambiri amanamizira alternator pamene wolakwa ndi batire. Bwereka kamita koyezera magetsi, kamene amisiri amati multimeter, ugunditse mawaya ake pamitu iwiri ya batire. Injini ili chete, batire labwino limaonetsa mavolti pakati pa 12.4 ndi 12.6. Ukailiza, nambala ikwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12, kapena ikamatsika ukayatsa nyali, ndiye kuti moto sukubwerera. Ikapitirira 15, alternator ikupereka moto wopyola muyeso, ndipo iwiritsa batire ndi kupsereza mababu.

Ngakhale mita itanena kuti moto sukubwerera, usathamangire kumasula. Yang'ana lamba ngati wakhwepa, wang'ambika kapena wapukutika mpaka kunyezimira. Yang'ana mitu ya batire ngati yamera ufa woyera uja, uitsuke ndi madzi ofunda osakaniza soda. Tsegula bokosi la mafyuzi pafupi ndi batire uone ngati fyuzi yaikulu ya alternator sinapse. Zinthu zitatu izi n'zotchipa, koma zadyetsa anthu ndalama zogulira alternator yatsopano, vuto n'kukhala lili pomwepo.

Pali nzeru ina ya pasiteji imene ndikufuna uikane. Adzakuuza kuti liza injini, uzule waya wa batire, ikapanda kuzima ndiye kuti alternator ili bwino. Izo zinkachitika pa galimoto zakale zopanda kompyuta, ndipo ngakhale pamenepo kunali kuyesa mwayi. Ma Probox, ma Sienta ndi ma Vitz amene adzaza m'misewu yathuwa ali ndi kompyuta yoyendetsa injini. Ukazula batire injini ikulira, moto umalumpha mwadzidzidzi, ndipo ungathe kupsereza kompyutayo pamodzi ndi alternator yomwe umayesayo. Mtengo wa kompyuta udzakugonetsa ndi njala.

Tsopano sankha malo. Nyumba zathu zambiri zili m'mbali mwa mapiri, mabwalo ake ndi otsetsereka. Imika galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, koka handibuleki, ika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Yamba m'mawa kuti dzuwa likhale nyali yako, injini itazizira. Ngati ntchito ikufuna kuchotsa tayala kuti ufikire mabawuti apansi, usadalire jeke yokha, ndipo usasanjikize njerwa zowotcha, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Tsamiritsa galimoto pa zitsa zolimba za mtengo. Ana uwachotse pabwalopo, ndipo kiyi akhale m'thumba mwako, pasapezeke wina woliza injini zala zako zili pa lamba.

Lamulo lalikulu ndi ili, ndipo ngati uiwale zina zonse, ili lokha usaiwale. Masula waya wa negetivu pa batire usanakhudze china chilichonse. Ndi uja wa chizindikiro cha kamzere kamodzi, wolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto, ndipo kawirikawiri sipanala ya nambala 10 imakwana. Ukauchotsa, ukankhire pambali, uukulunge m'sanza kuti usabwerere pamutu wa batire. Chifukwa chake n'chakuti waya wonenepa wopita kumbuyo kwa alternator umakhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale kiyi atachotsedwa. Sipanala ikakhudza nati ya waya ameneyo ndi chitsulo cha injini nthawi imodzi, imathetheka n'kufiira m'manja mwako. Vulanso mphete ndi wotchi yachitsulo, chifukwa mphete ikagwira moto umenewo imawotcha chala mpaka pafupa.

Usanamasule lamba, mujambule ndi foni, kapena lemba papepala mmene wadutsira pa timagudumu tonse. Lero ukuona ngati sungaiwale, koma pofika madzulo mutu udzakhala utazungulira. Pa injini zambiri lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi, ndipo ukamudutsitsa molakwika injini itentha usanafike ku Linthipe. Kenako zula pulagi ya mawaya ang'onoang'ono. Dinikiza kalilime kake kotsekera ndi chala, ukoke pulagiyo, osati mawaya. Pulasitiki yakeyo yapsa ndi kutentha kwa zaka zambiri, imathyoka msanga. Masula nati ya waya wonenepa uja, khwefula bawuti lokokera lamba, kenako lalikulu lapansi. Pa galimoto za ku Japan masipanala a 12 ndi 14 ndiwo amagwira ntchito kwambiri. Bawuti likakana, lithire mafuta ochotsa dzimbiri, ulisiye kanthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukalikakamiza n'kulithyolera m'kati, ntchito ya m'mawa umodzi isanduka ya sabata. Mabawuti onse uwaike m'kambale, osati pafumbi.

Alternator ikatuluka, usaitaye ndipo usaisiye kunyumba. Pita nayo kaye kwa mmisiri wa magetsi a galimoto. Nthawi zambiri chimene chatha ndi mabulashi, timakala tiwiri ta m'kati, kapena regulator, kachipangizo kosunga muyeso wa moto, kapena beringi imene imalira ngati mluzu. Izi zimasinthika pamtengo wochepa. Akakuuza kuti mawaya a m'kati apsa, ndiye kagule ina, kaya pa Dedza boma kaya ku Malangalanga ku Lilongwe, yakaleyo ili m'manja. Ziike pamodzi patebulo. Yerekeza makutu a mabawuti, werenga mano a m'pulagi ngati ndi atatu kapena anayi, werenga mizere ya pakagudumu ka lamba, uonenso mphamvu yolembedwa pachikwangwani chake. Usanamizike ndi dzina la galimoto lokha, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimakhala ndi injini zosiyana. Dziwanso kuti malole ambiri amayendera mavolti 24, pamene yako ndi ya 12. Ngati ndi yochotsa m'galimoto ina, uza wogulitsa aiyese uli pomwepo, ndipo utenge lisiti. Wogulitsa wokana kuyesa akudziwa chimene akukubisira.

Pobwezera, tsatira njira yomweyo chobwerera m'mbuyo. Lowetsa mabawuti onse ndi zala kaye, usamangitse limodzi ena asanalowe. Dutsitsa lamba monga mwa chithunzi chija, uone kuti wakhala bwino m'mizere ya kagudumu kalikonse. Ngati lamba ndi wakale, gula watsopano lero lomwe, usadzamasulenso kawiri. Pomukoka, dinikiza ndi chala chachikulu pakati pa mpata wautali, alowe pafupifupi sentimita imodzi. Wokhwepa amalira ndipo sazunguza bwino, wothinitsa amapha beringi ya alternator yatsopanoyo. Mangitsa waya wonenepa, ubwezere kachipewa kake ka labala, lowetsa pulagi mpaka imveke kuti thwa. Waya wa negetivu ndiwo womaliza. Ngati batire linatheratu moto, kalitchajitse kaye, chifukwa alternator yatsopano ikayamba ndi kudzaza batire lopanda kanthu imatentha kwambiri. Ukaliza injini, kanyali kofiira kaja kazime, ndipo yezanso ndi mita, nyali zonse zili zoyaka. Werenga masipanala ako usanatseke boneti.

Pali galimoto ziwiri zimene ndikufuna uziope. Yoyamba ndi ya dizilo yakale, monga ma Hilux ndi maminibasi ena amene amanyamula kachewere kuno. Kumbuyo kwa alternator yake kumakhala kapampu kothandiza mabuleki, kolumikizidwa ndi mapaipi a oilo ndi a mpweya. Ukalakwitsa paipi imodzi, buleki imauma gwa, ndipo udzazindikira uli potsetsereka pa Khwekhwerere ukutsikira ku Golomoti, matumba ali kumbuyo. Yesa mabuleki pabwalo usanalowe mumsewu. Yachiwiri ndi ya haibulidi, monga Aqua ndi Prius. Imeneyo ilibe alternator n'komwe, ndipo mawaya ake a mtundu wa lalanje ali ndi moto wopha munthu. Usayikemo dzanja.

Pomaliza, mwana wanga, dziwa polekezera. Ukaona kuti alternator yabisika pansi pa zinthu zambiri, kapena bawuti layamba kudyeka mutu, kapena wasintha koma kanyali kakuyakabe, siya pomwepo ukaitane makaniko. Safunsa adadya phula. Umuuze zonse zimene wakhudza, osabisa, kuti asataye tsiku kufunafuna vuto limene iwe ukulidziwa, ndipo umulipire mosanyinyirika. M'galimotoyo simukwera iwe wekha. Mumakwera akazi ako, ana ako, ndi odwala a m'mudzi muno pothamangira kuchipatala usiku. Ukailowetsa mumsewu usanatsimikize ntchito yako, ukuika miyoyo yawo pachiswe, ndipo mlandu umenewo palibe ndalama imene ingaulipire.