Kodi Kufota Ndiko Kufa?

Pa mafunso onse amene anthu opembedza amasinthana pa siwa, usiku utakula ndipo oimba atayamba kuwodzera, palibe limene limandisautsa koposa ili: ngati Mulungu anawerengeratu masiku a munthu asanabadwe, monga tiphunzitsidwa, kodi iye amene athamangira kuchipatala ndi mbale wake wogwidwa ndi sitiroko alikulimbana ndi chifuniro cha Namalenga, kapena alikuchitumikira? Ambiri akaona nkhalamba yagwa, pakamwa papotoka, dzanja lalefuka, mawu osatuluka, amapukusa mutu nati nthawi yake yakwana. Ena amanong'onezana kuti yamenyedwa ndi hamala ya mfiti. Ndipo onsewa, angakhale asiyana chikhulupiriro, agwirizana pa chimodzi, ndicho kuti mlandu watha. Ine ndinena kuti aweruza msanga.

Ubongo, umene pa kulemera kwa thupi uli ngati magawo 2 okha pa 100, umatha pafupifupi magawo 20 pa 100 a mpweya umene thupi lonse ligwiritsa ntchito, ndipo susunga kanthu ka mawa. Chifukwa chake magazi akaleka kufikako konse, munthu akomoka pasanathe masekondi 10, ndipo pakapita mphindi ngati 5 maselo ayamba kufa. Imfa yake ndi yomvetsa chisoni, pakuti maselowo akasowa mphamvu alephera kutulutsa mchere umene uwalowa, natupa ndi madzi, nakhuthula glutamate wochuluka, amene masiku onse ndiye mthenga wonyamula mawu pakati pao ndi kutithandiza kuphunzira ndi kukumbukira. Koma iye akasefukira atsegulira kashiamu zipata, ndipo kashiamuyo autsa za m'kati mwa selo kuti ziligaye lokha. Chimene chinatipatsa nzeru ndicho chitembenuka kutipha, ndipo alaliki akadadziwa zimenezi akadapezapo ulaliki wa mwezi wathunthu.

Koma apa mpamene pagona nkhani. M'chaka cha 1981, ofufuza atatu Astrup, Siesjö ndi Symon anafotokoza kuti mtsempha ukatsekeka, si dera lonse limene lifa nthawi imodzi: pakatikati pamafa msanga, koma pozungulira pake pamatsala maselo amene, polandira timagazi pang'ono todzera m'mitsempha yam'mbali, angokhala chete, osagwira ntchito, komanso osafa. Mlimi aliyense adziwa chimanga cha pa ng'amba, chimene masamba ake apinda ndi kuwerama masana, kotero kuti wodutsa m'njira anena kuti munda wapita, chikhalirecho mvula ikagwa mawa lake chidzuka chonse, ndipo ikachedwa sabata ziwiri chiumiratu. Momwemonso lilime losalankhula ndi mwendo wosayenda m'maola oyambawo zikhoza kukhala zofota chabe, zodikira magazi. Ndicho chifukwa chake madokotala, kumene kuli zipangizo, amayamba ajambula mutu kuti adziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, pakuti mankhwala a chimodzi ndiwo poizoni wa chinzake. Akaona kuti watsekeka, apereka mankhwala osungunula magazi oundana asanathe maola 4 ndi theka, ndipo kuyambira 2015 kunatsimikizika kuti kukoka choundanacho ndi kachingwe kolowetsa mumtsempha kumapulumutsa ambiri. Ngakhale pamenepo walira mvula walira matope, pakuti magazi obwerera mochedwa amatha kuvulazanso malo ofookawo.

Ndipo pofuna kuona kutalika kwa malire a pakati pa moyo ndi imfa, tikumbuke Anna Bågenholm, dokotala wa ku Sweden, amene mu 1999 anagwera mumtsinje woundana ndi chisanu pafupi ndi Narvik ku Norway, nakhala pansi pa madzi oundana mphindi 80, mtima wake nuleka kugunda, thupi lake nilizizira kufikira madigiri 13.7. Madokotala a ku Tromsø sanamfunde nsalu kumaso, koma anatenthetsa magazi ake pang'onopang'ono ndi makina, podziwa kuti ubongo wozizira ufuna mpweya wochepa. Mkaziyo anatsitsimuka, ndipo pambuyo pake anabwerera ku ntchito yake ya udokotala. Akadakhalapo wina wonena kuti nthawi yake yakwana, akadanamizira Mulungu.

Pamenepa ndipo pali kulakwa kwa iwo opinda manja. Sindikana kuti masiku athu ali m'dzanja la Wamphamvuyonse; ndikana kuti chiwerengero chake chinaululidwa kwa ife oimirira pambali pa mphasa. Mfumu Hezekiya anauzidwa ndi mneneri Yesaya kuti akonze za banja lake popeza adzafa, napemphera, nawonjezeredwa zaka 15. Koma Yesaya yemweyo, atanena mawu a chipulumutso, analamulirabe kuti aike nkhuyu pachithupsa chake, osaona kutsutsana kulikonse pakati pa lonjezo ndi mankhwala. Amene analenga mitsempha yozungulira kunsi kwa ubongo, imene katswiri Thomas Willis anailongosola mu 1664, kuti umodzi ukatsekeka unzake uyese kuthandiza, saoneka ngati Mlengi wofulumira kutaya ntchito ya manja ake. Ndipo sindikhulupirira kuti akondwera pamene ife tiitaya m'malo mwake, ndi kutcha ulesi wathu kudzichepetsa.

Chitetezo chachikulu, makamaka kumene makina ndi osowa, chiyamba tsikulo lisanafike: kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kumwa mankhwala ake osadukiza ngakhale thupi likumveka bwino, kuchepetsa mchere, kuleka fodya, kusamala matenda a shuga, ndi kuyezetsa HIV, popeza kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anaonetsa kuti kachilomboka kali pakati pa zifukwa zazikulu za sitiroko mwa achinyamata. Ndipo iye amene wapulumuka koma watsala wopunduka asabisidwe kuchipinda ngati wakufa kale, pakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ubongo wophunzitsidwa tsiku ndi tsiku umadzipezera njira zatsopano.

Inu owerenga, mukadzaona nkhope ya mbale wanu yapendekeka, dzanja lagwa, mawu asokonekera, musadikire kuti kuche kapena kuti malume afike kudzagamula. Musamwetse kanthu, pakuti akhoza kutsamwa. Onani nthawi imene zayamba, funani galimoto, ndipo mupempherere m'njira.