Kodi Wogwira Ntchito Mongodzipereka Ayenera Kufuna Ulemu?

M'dziko la United States of America muli bungwe lotchedwa Civil Air Patrol. Mamembala ake ndi anthu wamba monga aphunzitsi, alimi, amakaniko, madokotala ndi ena amene adapuma kale pa ntchito. Ndege ikasowa m'mapiri, kapena madzi osefukira akamiza midzi, anthuwa amasiya zochita zawo n'kukwera tindege ta injini imodzi kukafunafuna otayika ndiponso kukajambula malo amene aonongeka. Pa ntchito yonseyi salandira malipiro. Yunifolomu amagula okha, ndipo chaka ndi chaka amasonkha ndalama ya umembala. Komabe m'bungweli muli makwerero a maphunziro a magawo asanu. Munthu amene wamaliza gawo lachisanu amaitanidwa kutsogolo pamaso pa anzake, napatsidwa satifiketi ndi kansalu kovala pachifuwa. Mphotho imeneyi imatchedwa Gill Robb Wilson Award. Pamatenga zaka zambiri kuti munthu aifike, ndipo ambiri mwa mamembala saifika n'komwe.

Tsono pamenepa pakubuka funso lofunika kulisinkhasinkha mofatsa. Munthu uyu adanena yekha kuti akutumikira anzake kwaulere. Nanga n'chifukwa chiyani watha zaka zonsezi akukwera makwerero amene pamwamba pake pali dzina lake? Kodi satifiketi ija si malipiro omwewo amene adawakana, angosintha maonekedwe?

Kuti funsoli limveke bwino, n'koyenera kuyamba ndi mbiri ya bungwelo. Gill Robb Wilson adali woyendetsa ndege pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pambuyo pake adakhala m'busa wa mpingo wa Presbyterian, kenaka mkulu woyang'anira za ndege m'chigawo cha New Jersey. M'chaka cha 1936 adapita ku Germany, ndipo zimene adaona kumeneko zidamutsimikizira kuti nkhondo ina ili pafupi. Atabwerera kwawo adayamba kulimbikitsa maganizo akuti anthu wamba okhala ndi ndege zawo asonkhanitsidwe kuti athandize dziko. Bungweli lidakhazikitsidwa pa 1 December 1941, kutangotsala masiku 6 kuti asilikali a ku Japan aphulitse doko la Pearl Harbor. Mu 1942 sitima za ku Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza zombo zonyamula mafuta kufupi ndi gombe lenileni la America. Anthu ongodziperekawa adatsegula malo 21 onyamukirapo, kuchokera ku Maine mpaka kumalire a Mexico, nayamba kulondera nyanja. Pofika mu August 1943 adali atauluka mamailosi oposa 24 miliyoni, ndipo anthu 26 mwa iwo adafera pa ntchito yolonderayo. Mu 1948 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo loti bungweli likhale lothandiza gulu lankhondo la mumlengalenga la dzikolo, ndipo likulu lake lili ku Maxwell Air Force Base m'chigawo cha Alabama.

Anthu amene amakayikira za mphotho ali ndi mfundo yamphamvu, ndipo mbiri yomweyi ikuwaikira kumbuyo. Pa 21 July 1942 ndege ina ya bungweli yochokera ku Rehoboth Beach m'chigawo cha Delaware idagwera m'nyanja. Hugh Sharp ndi Eddie Edwards adanyamuka pa ndege yakale yotha kutera pamadzi kukapulumutsa anzawowo. Adapeza mmodzi ali moyo, koma winayo sadaoneke. Potera paja mafunde adaononga choyandamitsa cha phiko limodzi, kotero kuti ndegeyo sikadathanso kuuluka ndipo inkapendekera mbali imodzi. Edwards adakwawira kunsonga ya phiko linalo kuti thupi lake lilemeretse mbali imeneyo, ndipo adakangamira pamenepo kwa maola pafupifupi 11, madzi ozizira akumumenya, mpaka adafika kumtunda. Munthu ameneyu adalibe satifiketi ya gawo lachisanu, ngakhale ya gawo loyamba, pakuti makwererowo kudalibe. N'zoona kuti mu February 1943 Pulezidenti Franklin Roosevelt adawapatsa awiriwa mendulo, koma palibe munthu wanzeru amene anganene kuti Edwards ankaganiza za mendulo ali pa phiko paja. Mamembala a nthawi ya nkhondo adadikira mpaka 2014 kuti nyumba ya malamulo iwapatse Congressional Gold Medal, ambiri a iwo atagona kale m'manda. Wokayikira uja akhoza kufunsa kuti, ngati ntchito yaikulu chonchi idagwirika popanda makwerero, makwererowo ndi a chiyani? Akhozanso kuonjeza kuti mtima wofuna kuonekera uli ngati nankafumbwe, amene amalowa m'nkhokwe mwakachetechete, chimanga chikuoneka chabwinobwino kunja.

Chenjezo limeneli si lopanda pake. Kumaliza gawo lachisanu kumamutsegulira munthu njira yokhalira lieutenant colonel wa bungwelo, ndipo nyota zake zimafanana ndi za asilikali enieni, ngakhale kuti mwini wake alibe mphamvu yolamula msilikali wina aliyense. M'gulu lililonse lovala yunifolomu simulephera kupezeka munthu amene amakonda galasi kuposa ntchito. Wotereyu amadziwa bwino malo a kansalu kalikonse pachifuwa pake, koma lamya ikalira pakati pa usiku kuti ndege yasowa, amapeza chifukwa chokhalira m'bulangeti. Akuluakulu sadaname ponena za chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe mfundo ya wokayikirayu ili ndi polekezera. Kulimba mtima kwa Edwards kudapulumutsa munthu mmodzi pa tsiku limodzi, koma bungwe limene lakhala zaka zoposa 80 silingadalire kuti tsiku lililonse padzapezeka wokwawira pa phiko. Bungweli lili ndi ndege zoposa 500, zambiri mwa izo za mtundu wa Cessna, ndipo lili ndi nthambi zikuluzikulu 52, kuwerengera zigawo 50 za dzikolo pamodzi ndi mzinda wa Washington ndi chilumba cha Puerto Rico. Ndege iliyonse imafuna munthu wolemba maola amene yauluka ndi kuonetsetsa kuti yapita kwa makaniko pa nthawi yake. Ndalama za boma zogulira mafuta zimafuna wozilondola mpaka senti yomaliza. Bungweli limaphunzitsanso achinyamata oyambira zaka 12, ndipo makolo opereka ana awo amafuna chitsimikizo chakuti anawo ali m'manja mwa anthu odziwa kuwasamala. Pa 12 September 2001, pamene ndege za anthu wamba zidaletsedwa kuuluka m'dziko lonselo, kandege ka bungweli kadaloledwa kuuluka pamwamba pa mabwinja a World Trade Center mumzinda wa New York kuti kajambule zithunzi. Boma silikadapereka chilolezo chotere kwa gulu la anthu amtima wabwino chabe. Lidapereka kwa gulu limene lidali ndi mbiri yosunga mwambo ndi malamulo. Munthu wamtima wabwino koma wosaphunzira ntchito yake akhoza kutumiza anzake kukasaka kudera lolakwika, wovulala n'kufera kudera lina akudikira thandizo.

Apa m'pamene makwerero aja amaonetsa phindu lake. Pa magawo apansi membala amaphunzira malamulo a bungwe ndi kusankha ntchito imodzi yoti aidziwe bwino, monga ya zachuma, ya mawailesi kapena ya chitetezo. Akamakwera amafunika kusenza udindo kwa zaka zingapo ndiponso kufika pa ukatswiri weniweni pa ntchito yake ija. Kale ofuna kumaliza gawo lachisanu ankapita ku maphunziro otchedwa National Staff College, koma mu 2020 bungweli lidasintha dongosolo la maphunziro ake, ndipo ambiri mwa iwo adayamba kuchitikira pa intaneti. Chimene chili chochititsa chidwi n'chakuti pamwamba pa makwererowa munthu safikapo yekha. Amayenera kuphunzitsa ena ndi kulera wobwera m'mbuyo mwake mpaka nayenso ataima payekha. Wodzikonda angathe kupirira mayeso olemba, koma n'kovuta kuti apirire zaka zambiri akukonzera ena njira pa ntchito zimene palibe amene amaziombera m'manja.

Katswiri wina wa nzeru zakuya wa ku Greece, Aristotle, adaiganizirapo nkhani ya ulemuyi zaka zoposa 2,300 zapitazo. Iye adaona kuti ulemu sungakhale chinthu chopambana zonse m'moyo, chifukwa uli m'manja mwa oupereka, ndipo amene aupereka lero akhoza kuulanda mawa. Adaonanso kuti anthu anzeru amafuna kulemekezedwa ndi anthu odziwa bwino zinthu, n'cholinga choti atsimikize kuti iwo alidi abwino monga amadziganizira. Maganizo amenewa akuthandiza kusiyanitsa njala ziwiri zimene kunja zimaoneka zofanana. Pali munthu wofuna kuonedwa, ndipo pali munthu wofuna kuyesedwa. Woyambayo angakondwe atapatsidwa satifiketi mwachinyengo, chifukwa kwa iye chachikulu ndi maso a anthu. Wachiwiriyo angaikane, chifukwa satifiketi yachinyengo siyankha funso limene lili mumtima mwake, lakuti kodi ntchito imene ndadzipereka kuigwirayi ndikuidziwadi? Wolembedwa ntchito amadziwa za luso lake kudzera mwa bwana wake ndi malipiro ake. Wongodzipereka alibe sikelo yotere. Anthu amachita manyazi kumudzudzula poti sakulipidwa, ndipo iye akhoza kukhala zaka 20 akulakwitsa chinthu chomwechomwecho popanda womuuza. Kudzipereka kuti ayesedwe ndi anzake ndi njira ina yodzichepetsera, ngakhale kuti kumapeto kwake kuli kuombera m'manja.

Dzina limene bungweli lidapereka ku mphotho ya gawo lachiwiri likuphunzitsanso kanthu. Mphothoyo imatchedwa Benjamin O. Davis Jr. Award. Davis adali munthu wakuda amene adalowa sukulu ya usilikali ya West Point mu 1932. Kwa zaka 4 ophunzira anzake achizungu adapangana kuti asamulankhule kupatula pa za ntchito. Ankagona m'chipinda chayekha. Adamaliza maphunziro ake mu 1936, adatsogolera oyendetsa ndege akuda a ku Tuskegee pa nkhondo yachiwiri, ndipo mu 1954 adakhala munthu wakuda woyamba kufika pa udindo wa general m'gulu lankhondo la mumlengalenga. Pa zaka zonse zimene ankamumana ulemu, luso lake silidachepe ngakhale pang'ono. Izi zikutsimikiza mawu a Aristotle akuti ulemu ndi ubwino wa munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Koma zikuonetsanso kuti kumana munthu ulemu womuyenera ndi kulakwa kwenikweni, osati nkhani yaing'ono. Gulu limene silithokoza olitumikira limakhala likudya thukuta lawo mwakachetechete, ndipo posakhalitsa limayamba kuona ngati thukutalo ndi ngongole imene anthuwo akubweza. Chotero funso lija lili ndi mbali yachiwiri. Ngakhale wongodzipereka atakhala kuti sakufuna ulemu, anzake ali ndi udindo womupatsa.

Pali mfundo ina imene sikambidwa kawirikawiri pa mwambo wopereka mphotho. Maola amene munthu adathera pa makwerero aja adawachotsa penapake. Pali mkazi kapena mwamuna amene adatsala yekha ndi ana Loweruka lililonse la maphunziro, ndipo pali tchuthi cha banja chimene chidathera ku misonkhano ya bungwe. Dzina la ameneyu silioneka pa satifiketi. Ndiponso kukwera kumafuna nthawi ndi ndalama za maulendo, zinthu zimene si onse ali nazo. Membala wina wogwira ntchito ziwiri kuti adyetse banja akhoza kutsakamira pa gawo lachiwiri moyo wake wonse, chikhalirecho ndiye amayamba kufika pabwalo la ndege usiku wa ngozi. Amene wafika pamwamba akayamba kuyesa anzake ndi sikelo ya magawo, ndiye kuti maphunziro onse aja adangomudutsa. Satifiketi imachitira umboni za zimene mwini wake adachita, koma ilibe mawu pa za munthu amene alibe satifiketiyo.

Zonsezi zikaunikidwa, yankho loyenera likuoneka kuti n'lakuti wongodzipereka sakulakwa pofuna kufika pamwamba, malinga ngati chimene akufuna ndi luso limene ulemuwo ukuimira. Vuto n'lakuti mtima wa munthu suoneka, ndipo nthawi zambiri njala ziwiri zija zimakhalira limodzi mumtima umodzi, mwini wake osatha kuzilekanitsa. Gawo lachisanu lili ndi ubwino umodzi umene magawo enawo alibe, wakuti pamwamba pake palibenso gawo lina. Pa magawo anayi apansi munthu akamasesa m'nyumba yosungiramo ndege kapena akamaphunzitsa obwera kumene, palibe angadziwe ngati akuchitira ntchitoyo kapena akuchitira gawo lotsatira. Akamaliza lachisanu chikayiko chimenechi chimatha. Nthambi zing'onozing'ono za bungweli zimakumana madzulo kamodzi pa mlungu. Pa msonkhano wotsatira mwambo uja pamakhala mnyamata wa zaka 12 amene sadziwa kuwerenga mapu, pamakhala mabuku a ndalama ofunika kuwaonkhetsa, ndipo pamakhalanso mipando yofunika kuibwezera m'malo mwake anthu akamwazikana. Anzake a munthu uja amangoyang'ana pakhomo kuti aone ngati abwere.