Kodi Nchito Yosatsirizika Ndi Nchito Yotayika?

Mukakwera minibasi kucokera m'tauni ya Lusaka kupita ku Chalala, kapena mukayenda m'makomboni a ku Chipata, mudzaona nyumba zambiri zimene zinaima pa mazenera. Mabuloko anayalidwa bwino, zitsulo zaloza kumwamba, koma denga palibe, ndipo udzu wamera pamene panayenera kukhala cipinda cocezeramo. Kodi mumaganiza ciani mukaona nyumba yotero? Ena amamva cifundo. Ena amaseka, nati mwini wake anafuna zazikulu pamene m'thumba munalibe kanthu. Ine ndinali mmodzi wa oseka kufikira kuciyambi kwa February 2023, pamene inenso ndinamanga cinthu cimene cinaima pa mazenera, anthu ambiri akupenya.

Maola 48 okha

Mwina ena a inu simunamvepo za game jam. Umenewu ndi msonkhano wa anthu okonda kupanga masewera a pa kompyuta. Amagawana m'timagulu, napatsidwa mutu umodzi, ndipo gulu lililonse liyenera kupanga gemu yatsopano m'nthawi yocepa, kawirikawiri maola 48. Msonkhano wina wotere, wochedwa Ludum Dare, unayamba mu 2002. Wina ndi Global Game Jam, umene unayamba mu 2009 ndipo umacitika kuciyambi kwa caka m'maiko pafupifupi 100. Mutu wake umabisidwa kufikira nthawi yoyamba nchito itayandikira, kuti wina asabwere ndi gemu yopanga kale. Mu 2023 mutuwo unali Roots, ndiko kuti mizu.

Tinasonkhana m'cipinda ca makompyuta pa koleji pathu pa Cisanu madzulo. M'gulu lathu tinalimo atatu: mtsikana wodziwa kujambula zithunzi, mnyamata wokonza nyimbo ndi maphokoso, ndi ine wolemba pulogalamu. Ganizo lathu loyamba linali labwino ndiponso laling'ono. Wosewera ndiye muzu wa mtengo wa mango m'nyengo ya cilimwe. Ayenera kuuwongolera pansi pa nthaka, kupewa miyala, kufikira utapeza madzi. Ukapeza madzi, mtengo umaphuka masamba, ndipo gemu yathera pomwepo.

Koma usiku womwewo ndinayamba kuwonjezera. Ndinati tiikemo ciswe colimbana ndi muzu. Ndinati pakhale nyengo za mvula ndi za cilala, minda isanu yosiyana nthaka, ndi mwayi wakuti anthu awiri azisewera pamodzi. Wojambula uja anandifunsa kuti, "Iwe, kodi zonsezi tidzazikwanitsa pofika pa Sondo?" Ndinamuyankha kuti iye angojambula, za pulogalamu andisiyire ine. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Mwambi umenewu ndinaudziwa kuyambira ndili mwana, koma usiku umenewo sunandifike m'mutu.

Pa Ciweru usiku malaiti anazima kwa maola angapo. Pa Sondo masana, nthawi itatsala pang'ono kutha, gemu yathu inali motere: muzu unali kuyenda, miyala inali kuutsekereza, ciswe cinaima cilili ngati cithunzi ca pakhoma. Ndipo muzu ukafika pamadzi, panalibe cocitika. Unali kungopitirira, mtengo uli gwa wouma. Mnzanga uja anajambula zithunzi pafupifupi 30 osagona. Zimene zinalowa m'gemu zinali 6 cabe. Nyimbo yacisangalalo imene mnyamata uja anakonzera mapeto sinamveke ngakhale kamodzi, pakuti mapetowo kunalibe.

Ciyeso ca pa Sondo masana

Apa ndipo pagona nkhani yanga, acinyamata anzanga. Gulu lililonse linayenera kuima kutsogolo ndi kuonetsa zimene lapanga. Mumtima mwanga munabwera njira zitatu zothawira manyazi. Yoyamba inali kuzemba, kunena kuti mutu ukundiwawa. Yaciwiri inali kuimba mlandu malaiti. Yacitatu inali yocenjera kwambiri: kulumikiza zithunzi za mnzanga kukhala kafilimu kosonyeza mtengo ukuphuka, ndi kukaonetsa monga kuti gemuyo imacitadi zimenezo.

Taonani kuti njira yaciwiriyo sinali bodza lenileni. Malaiti anazimadi. Koma anazimira magulu onse, ndipo ena anatsiriza magemu awo. Munthu angathe kunena mau oona okhaokha koma n'kusoceretsa omvera, ngati wasankha coonadi cimene cimamuyeretsa nasiya cimene cimamutsutsa. Kodi inu simunacitepo zimenezi polongosolera makolo za zotsatira za mayeso? Mphunzitsi anadwaladi mwezi wathunthu, inde; koma kodi n'cifukwa cake ceniceni?

Nditachula za kafilimu kaja, wojambula uja anandiyang'ana nati, "Zithunzi zanga usanamizire nazo anthu. Tionetse cimene cilipo." Ndinakwiya, koma ndinalibe coyankha. Cotero tinaima kutsogolo, ndipo ndinauza anthu kuti gemu yathu ilibe mapeto cifukwa ndinaunjika zinthu zambiri ndisanatsirize cinthu cimodzi cofunika.

Palibe anaseka. Anthu anabwera kudzaiyesa, ndipo ambiri anakondwera ndi kuwongolera muzu pakati pa miyala. Za ciswe panalibe anafunsa. Kenaka mnyamata wa gulu lina anapempha kuona pulogalamu yanga. Tinagwiritsa nchito Godot, pulogalamu yaulere yopangira magemu. Mmenemo, cinthu cikakhudza cinzake cimatumiza cizindikiro, ndipo wolemba ayenera kulumikiza cizindikiroco ku lamulo lonena zoyenera kucitika. Ine ndinalemba lamulo lakuti mtengo uphuke, koma ndinaiwala kulilumikiza. Iye anapeza colakwaco m'mphindi 10. Ndikadafunsa pa Ciweru m'mawa, bwenzi gemu yathu ili ndi mapeto. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Kusatsiriza kuli mitundumitundu

Tsono tibwerere ku funso lathu. Kodi nchito yosatsirizika ndi yotayika? Ndaganiza za funsoli kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti sitingaliyankhe tisanafunse cifukwa cimene nchitoyo inaimira.

Pali nchito imene imaima cifukwa nthawi kapena ndalama zatha, mwini wake atacita zonse zimene akadatha. Nyumba zambiri zoima pa mazenera n'zotero. Mai wogulitsa tomato pamsika amagula matumba awiri a simenti mwezi uno, mabuloko 50 mwezi wamawa, ndipo nyumba yake idzatenga zaka 10. Woseka mai ameneyu sadziwa cimene akuseka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali nchito imene imaima cifukwa mwini wake wanyong'onyeka. Poyamba cinthu pamakhala cimwemwe, koma pakati pake pamakhala nchito yotopetsa imene palibe amaiombera m'manja. Munthu amaphunzira gitala milungu itatu, zala zikayamba kuwawa nasamukira ku kiyibodi, pambuyo pake ku ng'oma. Pakutha kwa caka wayamba zinthu zisanu, sadziwa ngakhale cimodzi.

Ndipo pali nchito imene imaima cifukwa ca kudzikuza, monga yanga ija. Ulesi sunalipo, pakuti ndinagona maola ocepa kwambiri masiku awiriwo. Cimene cinandigwetsa ndico kufuna kuti anthu adabwe nane, kukana uphungu wa mnzanga, ndi kuopa kufunsa kuti ndingaoneke wosadziwa.

Ukayang'ana kunja, nchito zitatuzi zimafanana: zonse zilibe denga. Koma woyamba afunika kupirira, waciwiri afunika kudziletsa, wacitatu afunika kudzicepetsa. Munthu amene sanena zoona za cifukwa cimene anaimira adzamwa mankhwala a matenda amene alibe. Ndikadaumirira kuti anali malaiti, phunziro langa likadakhala lakuti ndigule batire lalikulu, ndipo caka cotsatira ndikadagwa m'dzenje lomwelo ndili ndi batire m'manja.

Koma tisadzitonthoze mopitirira

Wina anganene kuti ciphunzitso cimeneci n'coopsa, pakuti cidzapatsa aulesi pobisala. Aliyense wosiya nchito pakati adzingoti, "Ndaphunzirapo kanthu." Wonena zimenezi ali ndi mfundo. Mukumbukira fanizo la m'Luka 14 la munthu womanga nsanja amene sanayambe wakhala pansi kuwerengera mtengo wake, ndipo anasekedwa atalephera kuitsiriza. Fanizolo linandigwira ine ndendende. Mtengo wa gemu yathu unali maola 48 ndi manja a anthu atatu, ndipo sindinauwerengere.

Palinso nkhani zokoma zimene anthu okonda magemu amakonda kusimba. Ku Adelaide, m'dziko la Australia, Ari Gibson ndi William Pellen anapanga kagemu kochedwa Hungry Knight pa Ludum Dare mu 2013, ndipo sikanakondedwe kwenikweni. Pa game jam ina analephera kutsiriza pa nthawi yake. Koma anapitiriza ndi ganizo lawolo, ndipo mu 2017 panatuluka Hollow Knight, gemu imene inachuka pa dziko lonse. Nkhaniyi ndi yoona, koma samalani nayo. Cimene cinapanga Hollow Knight sikulephera kwa tsiku lija ayi; ndi zaka za nchito zimene zinatsatira. Magemu ambirimbiri osatsirizika amangokhala m'makompyuta a eni ake, osadziwika ndi munthu. Kulephera pakokha sikuphunzitsa munthu kanthu. Pali anthu amene alephera m'njira imodzimodzi kakhumi.

Tiyeneranso kusiyanitsa bwalo loyeserera ndi lonjezo. Game jam inapangidwira kuyesa. Global Game Jam si mpikisano wa mphotho, ndipo gemu ikapanda kutha palibe amagona ndi njala. Koma mukalonjeza agogo kuti mudzawafolerera nyumba mvula isanagwe, simungaisiye theka n'kunena kuti mwaphunzira zambiri za udzu. Msungicuma wa gulu la acinyamata sangasiye buku la ndalama pakati. Mlatho wofika pakati pa mtsinje suolotsa munthu. Pamene ena akudalira nchito yanu, kusatsiriza kwanu kumalipiridwa ndi iwo.

Ndipo ngakhale pa bwalo loyeserera lija ndinali ndi ngongole. Kwa mlungu wathunthu ndinali kuuza anthu mokondwa zimene ndinaphunzira, kufikira nditazindikira kuti phunziro langalo linalipiridwa ndi tulo ta anzanga awiri. Zithunzi 24 zinagona m'kompyuta cifukwa ca ine. Ndinapita kwa mtsikana uja kukapepesa. Sanandiyankhe zambiri. Anangoti tsiku lina akadzafunsa funso ndidzalimve. Kuima pamaso pa gulu kunali kopepuka poyerekeza ndi kupepesa kwa munthu mmodzi ameneyo.

Nanga mucite ciani ndi zimene munasiya?

Ndikhulupirira kuti aliyense wa inu ali ndi kanthu kena koima pa mazenera: kosi imene munalembetsa, dimba limene gulu linayamba, nyimbo ya ndime imodzi, bizinesi ya nkhuku, kalata yopepesa imene simunatumize. Musacibise, ndiponso musacinyadire. Citulutseni poyera ndi kudzifunsa mafunso atatu.

Coyamba, kodi cinaima cifukwa ca ciani? Perekani yankho limene mnzanu amene analipo angavomereze. Caciwiri, kodi pali munthu amene akali kuyembekezera, kapena amene anataya nthawi ndi ndalama zake cifukwa ca inu? Ngati alipo, yambani ndi iye. Cacitatu, kodi cinthuco n'coyenera kutsirizidwa? Zina n'zoyenera, zidulireni kufikira zitakhala zazing'ono zimene mungathe, ndipo ikani tsiku. Zina zinacita kale nchito yake, ndipo mungazitseke ndi mtima woyera, mutauza onse okhudzidwa. Coipa ndico kusiya cinthu cili lende, osacitsiriza, osacitseka, cikukudyani mumtima caka ndi caka.

Gemu yathu ya muzu tinaitseka. Tinalumikiza cizindikiro cija, tinacotsa ciswe ndi minda inai, mtengo unaphuka, nyimbo ya mnyamata uja inamveka kwa nthawi yoyamba. Imatha m'mphindi ziwiri, ndipo oisewera sapitirira ana a pa nyumba pathu. Gemu yaikulu imene ndinalota usiku wa pa Cisanu uja sinapangidwe, ndipo sidzapangidwa.

Tsopano pa misonkhano ya gulu lathu, wina akaimirira ndi pulani ya msasa wa masiku asanu, makwaya khumi ndi basi ya hayala, ndimamva mau anga a usiku uja. Ndimamufunsa kuti, kodi kanthu kamodzi kamene sitingacite popanda iko ndi kati, ndipo adzakacita ndani pofika pa Ciweru? Yesani funso limeneli pa msonkhano wanu wotsatira. Ndipo mlongo kapena mbale wacete uja wokhala kumbuyo akafunsa ngati mudzakwanitsa, musamuuze kuti angojambula.